Kuika pulogalamu pa seva ya Linux: fayilo iliyonse pamalo pake, zilolezo zokwanira basi

Malangizo awa ndalembera inu anzanga a kuno ku Joni amene mumayang'anira seva ya bizinesi yaing'ono: onyamula katundu wopita kumudzi, magulu a chipereganyu, mipingo ya Amalawi ku Rosettenville ndi ku Yeoville, mashopu a ku Mayfair ndi ku Fordsburg. Ambiri mwa inu pulogalamu munailemba nokha kapena anakulemberani mnyamata wina, ndipo ikugwira ntchito. Koma ili mu foda ya /home ya munthu mmodzi, ikuyenda ngati root (akaunti yamphamvu zonse pa seva), ndipo tsiku lina itakana kutseguka wina analemba chmod -R 777 zinthu n'kuyamba kuyenda. Zimenezo ndi zimene ndikufuna tikonze lero.

Titenge chitsanzo cha pulogalamu yolembera katundu wokwera mabasi ndi malole ochoka ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge kupita ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Tiitche katundu. Inalembedwa mu Python, imayendetsedwa ndi Gunicorn (chida choyendetsa mapulogalamu a pa intaneti a Python), database yake ndi SQLite, kutsogolo kwake kuli nginx (imene imalandira otsegula tsamba n'kuwapititsa ku pulogalamu), ndipo seva ndi ya Ubuntu kapena Debian. Imasunga dzina la wotumiza, nambala ya foni ya wolandira, ndalama zimene zalipidwa, ndiponso zithunzi za mapasipoti.

Zinthu zimenezi si zanu. Mayi wogwira ntchito m'nyumba ku Randburg akakupatsani pasipoti yake kuti muijambule, wakudalirani pa chinthu chimene chingamuvutitse kwambiri chitagwera m'manja mwa akuba. Ndiponso lamulo la POPIA la dziko lino, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, limalamula aliyense wosunga mbiri za anthu kuti aziteteze, ndipo chindapusa chake chimatha kufika R10 miliyoni. Silisankha kuti bizinesi ndi yaikulu kapena ndi ya patebulo limodzi pafupi ndi Park Station.

Choyamba, phunzirani kuwerenga zilolezo

Lowani mu seva, muone amene akuyendetsa pulogalamu ndi mmene mafayilo alili:

```
ps -eo user,pid,cmd | grep gunicorn
ls -l /home/dzina/katundu
```

Kumayambiriro kwa mzere uliwonse muona zilembo khumi, mwachitsanzo -rw-r----- kenako nambala ndi maina awiri, monga root katundu. Dzina loyamba ndi la mwini fayilo, lachiwiri ndi la gulu. Chilembo choyamba chikakhala d ndiye kuti ndi foda, chikakhala kamzere ndiye kuti ndi fayilo wamba. Zisanu ndi zinayi zotsalazo zili m'magawo atatu: zitatu za mwini, zitatu za gulu, zitatu za ena onse. Chilembo r chikuloleza kuwerenga, w kulemba, x kuyendetsa.

Manambala amene mumaona anthu akulemba pa chmod amachokera pomwepa. r ndi 4, w ndi 2, x ndi 1, ndipo mumangophatikiza. Choncho 6 ndi kuwerenga ndi kulemba, 5 ndi kuwerenga ndi kuyendetsa, 7 ndi zonse zitatu, 0 ndi kukanizidwa. Fayilo ya 640 mwini amawerenga ndi kulemba, gulu limangowerenga, ena onse sakhudza n'komwe. Tsono 777 ikunena kuti akaunti ina iliyonse pa sevapo, ngakhale ya webusaiti yakale ya WordPress imene munaiiwala, ikhoza kuwerenga, kusintha ndi kufufuta. Kuli ngati kuchotsa chitseko cha chipinda chanu m'fulati ya anthu ambiri chifukwa choti kiyi wavuta.

Pa foda zilembo zomwezi zimagwira ntchito mosiyana, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. r pa foda ndi kuona maina a zimene zili m'katimo. x ndi kudutsamo, kufikira fayilo imene mukuidziwa dzina. w ndi kupanga, kusintha dzina kapena kufufuta mafayilo a m'fodamo. Taonani mfundo yomalizayi bwino: kufufuta fayilo sikudalira zilolezo za fayiloyo ayi, kumadalira zilolezo za foda imene ili. Fayilo ikhoza kukhala ya root, ya 600, koma ngati foda yake pulogalamu ili ndi w, pulogalamuyo ingathe kuifufuta n'kuikapo ina ya dzina lomwelo. Tibwereranso kumeneku tikafika pa masetingi.

Palinso ichi: kuti akaunti ifike pa fayilo, iyenera kukhala ndi x pa foda iliyonse ya m'njira, kuyambira pa / mpaka kumapeto. Kuyambira Ubuntu 21.04 mafoda atsopano a mu /home amapangidwa ndi 750, ndiye nginx, imene imayenda ngati www-data, imakanizidwa pa khomo loyamba lomwelo. Munthu amasintha zilolezo za fayilo kangapo konse osaona kusintha, mapeto ake n'kutsegula zonse. Vuto silinali fayilo. Vuto linali loti pulogalamu ya seva inaikidwa m'nyumba ya munthu.

Chachiwiri, dziwani malo a chinthu chilichonse

Linux ili ndi dongosolo lake lotchedwa Filesystem Hierarchy Standard, ndipo mtundu wake wa 3.0 unatuluka mu 2015 pansi pa Linux Foundation. Silovuta. Funso limene limagawa zinthu ndi lakuti: ndani ayenera kusintha fayiloyi, ndipo ikasowa chimachitika n'chiyani?

Pulogalamu yeniyeniyo, imene sinachokere ku apt (chida choikira mapulogalamu pa Ubuntu ndi Debian), iikeni mu /opt/katundu. Imasintha pokhapokha inuyo mukuika mtundu watsopano, choncho mwini wake ndi root ndipo pulogalamu imangodziwerenga.

Masetingi, kuphatikizapo mapasiwedi a SMS ndi a imelo, malo ake ndi /etc/katundu. Amasintha inuyo, pulogalamu imangowerenga.

Zimene pulogalamu imalemba ndipo ziyenera kukhalapo mawa, monga database ndi zithunzi za mapasipoti, zikhale mu /var/lib/katundu. Apa ndi pamene pali chuma cha bizinesi.

Ma log, zolemba za zimene pulogalamu yachita, amapita mu /var/log/katundu kapena mu journal ya systemd, pulogalamu imene imayatsa ndi kuyang'anira mapulogalamu ena pa seva. Zimene zingapangidwenso zitafufutika, monga timazithunzi tating'ono ta risiti, zipite mu /var/cache/katundu.

Zotsala ndi zimene zili ndi tanthauzo pokhapokha pulogalamu ikuyenda: soketi (khomo lolankhulirana mapulogalamu), fayilo ya PID (yosunga nambala ya pulogalamu imene ikuyenda), fayilo ya loko. Malo ake ndi /run. Foda imeneyi ili mu RAM, si ya padisiki, ndipo seva ikazima n'kuyakanso imayamba ili yopanda kanthu. Inalowa mu Linux cha mu 2011, ndipo lero /var/run imangoloza komweko.

Ife a kuno tili ndi chifukwa chathu chosamalira /run. Amene seva yawo ili kuseri kwa kauntala, osati ku data centre ya ku Isando, akudziwa zimene load shedding yachita zaka zapitazi, makamaka mu 2023, komanso kuzima kwa magetsi kobwera mawaya akabedwa. Magetsi akazima mwadzidzidzi, pulogalamu sipeza mpata wofufuta fayilo yake ya PID. Ngati fayiloyo inali mu /var/lib kapena mu /home, imapezekabe seva ikayaka, pulogalamu n'kuganiza kuti inzake ikuyenda kale, n'kukana kudzuka. M'mawa makasitomala ali pamzere ndi zikwama zawo za mashangani, inu mukufufuza chimene chavuta. Ikakhala mu /run vuto limeneli kulibe. Koma dziwaninso mbali inayo: mukapanga foda mu /run ndi manja, magetsi akangozima yapita, ndipo pulogalamu ikanika kuyamba chifukwa foda yake kulibe. N'chifukwa chake ntchito yopanga fodayo tiisiyira systemd.

Musaike chilichonse chofunika mu /tmp. Aliyense amalembamo, ndipo imasesedwa.

Chachitatu, pangani akaunti ya pulogalamuyi yokha

```
sudo useradd --system --user-group --no-create-home --home-dir /var/lib/katundu --shell /usr/sbin/nologin katundu
```

Akauntiyi ilibe pasiwedi, munthu sangalowe nayo, ndipo ili ndi gulu lake la dzina lomwelo. Musagwiritse ntchito www-data kapena nobody pa mapulogalamu onse, chifukwa imodzi ikathyoledwa wakubayo wafika pa zonse. Ena amayendetsa pulogalamu ngati root chifukwa poti 80 ndi 443, monga mapoti onse osafika 1024, amafuna mphamvu zapadera. Zimenezo zisiyireni nginx, imene inapangidwa kuti itsegule mapotiwo ngati root kenako n'kupereka ntchito kwa www-data.

Chachinayi, samutsani pulogalamu ndi masetingi

Imitsani kaye pulogalamu yakale, ndipo musanakhudze kanthu pangani bakapu ya foda yonse. Kenako:

```
sudo mkdir /opt/katundu
sudo rsync -a /home/dzina/katundu/app/ /opt/katundu/
sudo chown -R root:root /opt/katundu
sudo chmod -R u=rwX,go=rX /opt/katundu
```

X wamkuluyo si kulakwitsa. Amaika x pa mafoda ndi pa mafayilo okhawo amene anali nayo kale. Musalembe chmod -R 644 pa foda, chifukwa mafoda onse a m'kati ataya x ndipo palibe angalowemo. Ngati mafayilo anu anali 777, onse akhalabe ndi x, ndiye achotseni ndi find /opt/katundu -type f -exec chmod 644 {} + musanapange venv, foda imene Python imasungamo ma library a pulogalamuyi. Venv ya Python musaikope kuchokera ku /home, ipangeni yatsopano mu /opt/katundu/venv, chifukwa m'kati mwake munalembedwa njira yakale.

Ena amadabwa kuti bwanji pulogalamu isakhale mwini wa mafayilo ake omwe. Ganizirani wakuba amene wapeza chibowo pa fomu yotumizira chithunzi. Chimene akufuna ndi kusintha fayilo imodzi ya .py kuti azilowa tsiku lililonse. Mafayilo akakhala a root, akanika.

Tsopano masetingi:

```
sudo install -d -o root -g katundu -m 750 /etc/katundu
sudo install -o root -g katundu -m 640 katundu.conf /etc/katundu/katundu.conf
```

Mwini wa foda ndi wa fayilo ndi root, gulu ndi katundu. Pulogalamu ikuwerenga kudzera m'gulu, koma singalembe fayiloyo, ndiponso singaifufute chifukwa ilibe w pa foda. Umu ndi mmene Debian imatetezera /etc/shadow, fayilo yosunga mapasiwedi a seva yonse: mwini root, gulu shadow, 640. Ngati pulogalamu yanu ili ndi tsamba limene abwana amasinthirapo mtengo wa kilogalamu ya katundu, zimenezo zisalembedwe mu /etc. Zipite mu database.

Chachisanu, lolani systemd ipange mafoda otsalawo

Lembani izi mu /etc/systemd/system/katundu.service:

```
[Unit]
Description=Pulogalamu ya katundu
Requires=katundu.socket
After=network.target

[Service]
User=katundu
Group=katundu
WorkingDirectory=/opt/katundu
Environment=KATUNDU_CONF=/etc/katundu/katundu.conf
ExecStart=/opt/katundu/venv/bin/gunicorn app:app
StateDirectory=katundu
StateDirectoryMode=0700
CacheDirectory=katundu
LogsDirectory=katundu
LogsDirectoryMode=0750
RuntimeDirectory=katundu
UMask=0077
ProtectSystem=strict
ProtectHome=true
PrivateTmp=true
NoNewPrivileges=true
Restart=on-failure

[Install]
WantedBy=multi-user.target
```

Mizere ya StateDirectory, CacheDirectory, LogsDirectory ndi RuntimeDirectory imauza systemd kuti ipange /var/lib/katundu, /var/cache/katundu, /var/log/katundu ndi /run/katundu, n'kuzipereka ku akaunti ya katundu nthawi iliyonse pulogalamu ikamayamba. Ya mu /run imafufutidwa pulogalamu ikaima, zinazo zimakhalabe.

UMask imalamulira zilolezo za mafayilo atsopano. Mukapanda kuilemba, systemd imagwiritsa ntchito 0022, ndipo chithunzi chilichonse chatsopano cha pasipoti chimabadwa ndi 644, choti aliyense awerenge. Ndi 0077 chimabadwa ndi 600. Mzere umenewu ndimauona kuti ndi wofunika kuposa chmod iliyonse imene mungalembe lero, chifukwa chmod imakonza mafayilo a dzulo pomwe UMask imakonza a mawa.

ProtectSystem=strict imachititsa kuti pulogalamu ione disiki yonse ngati yongowerenga, kupatula mafoda amene tatchula pamwambapa. ProtectHome imabisa /home yonse, ndipo imathandizanso kugwira msanga njira yakale imene yatsalira penapake m'masetingi. PrivateTmp imapatsa pulogalamu /tmp yakeyake.

Nanga nginx ilankhula bwanji ndi pulogalamuyi? Njira yachidule imene ambiri amatenga ndi kulowetsa www-data m'gulu la katundu. Musatero, abale. Mukatero nginx ndi china chilichonse choyenda ngati www-data chingawerenge mapasiwedi a mu /etc/katundu. Pangani fayilo ina, /etc/systemd/system/katundu.socket:

```
[Socket]
ListenStream=/run/katundu.sock
SocketGroup=www-data
SocketMode=0660

[Install]
WantedBy=sockets.target
```

Systemd ipanga soketiyo ndi kuipereka kwa Gunicorn, imene imadziwa kuilandira. Kulumikiza ku soketi kumafuna w, ndipo gulu la www-data lapatsidwa w pa soketi yokhayo. Taiika kunja kwa /run/katundu mwadala, kuti isafufutike pamodzi ndi fodayo pulogalamu ikaima. Mu nginx lembani proxy_pass http://unix:/run/katundu.sock, ndipo zithunzi za mapasipoti musazitulutse kudzera mu nginx mwachindunji. Zizidutsa mu pulogalamu, imene imafunsa kaye kuti wopempha ndi ndani. Pulogalamu imene sidziwa kulandira soketi ya systemd imvetsere pa 127.0.0.1, osati pa 0.0.0.0.

Chachisanu ndi chimodzi, samutsani database

```
sudo install -d -o katundu -g katundu -m 700 /var/lib/katundu
sudo rsync -a /home/dzina/katundu/data/ /var/lib/katundu/
sudo chown -R katundu:katundu /var/lib/katundu
sudo find /var/lib/katundu -type d -exec chmod 700 {} +
sudo find /var/lib/katundu -type f -exec chmod 600 {} +
```

SQLite imafuna w pa foda, osati pa fayilo ya database yokha, chifukwa polemba imapanga mafayilo ena pambali, othera ndi -journal kapena -wal ndi -shm. Uthenga woti database ndi yongowerenga, pomwe fayilo ikuoneka kuti ili bwinobwino, kawirikawiri umachokera apa. Umabweranso mukatsegula database ngati root n'kusiya mafayilo a pambaliwo ali a root. Mukafuna kuyang'anamo, lembani sudo -u katundu sqlite3 kenako njira ya fayiloyo. Amene mukugwiritsa ntchito PostgreSQL musakhudze foda yake. Iyo imakana kuyamba ngati zilolezo sizili 700 kapena 750.

Konzani njira zatsopano mu katundu.conf, kenako:

```
sudo systemctl daemon-reload
sudo systemctl enable --now katundu.socket katundu.service
sudo systemctl reload nginx
```

Chachisanu ndi chiwiri, yesani, makamaka zimene ziyenera kukanika

Kuona tsamba litatseguka sikokwanira. Malamulo atatu awa onse ayenera kukana:

```
sudo -u katundu touch /opt/katundu/mayeso
sudo -u www-data cat /etc/katundu/katundu.conf
sudo -u www-data ls /var/lib/katundu
```

Limodzi likalola, bwererani. Pulogalamu ikakana kuyamba, werengani journalctl -u katundu -e, muone fayilo imene ikudandaula, kenako lembani namei -l ndi njira yonse ya fayiloyo. Lamuloli limaonetsa mwini ndi zilolezo za foda iliyonse ya m'njira, mzere ndi mzere, ndipo khomo lotsekalo limaonekera lokha. Konzani khomo limodzilo. Pa seva ya Rocky Linux kapena AlmaLinux, zilolezo zikaoneka zolondola koma zikukanabe, yang'anani SELinux, chitetezo china chowonjezera pa zilolezo, ndi ls -Z, n'kukonza ndi restorecon -R, musaizimitse.

Fufuzaninso zotsalira za 777:

```
sudo find /etc /opt /srv /var/www /var/lib -xdev -perm -0002 ! -type l
```

Mafoda ochepa amene ali ndi t kumapeto kwa zilolezo, ofanana ndi /tmp ya 1777, anapangidwa choncho ndipo asiyeni. Zina zonse zifunseni chifukwa chake.

Mayeso omaliza ndi sudo reboot. Chitani madzulo basi itanyamuka, inu muli pomwepo, osadikira kuti magetsi akuyesereni usiku. Seva ikayaka, tsamba liyenera kutseguka lokha popanda kukhudza kanthu.

Bakapu tsopano yaphweka, chifukwa zofunika zili malo awiri okha, /etc/katundu ndi /var/lib/katundu. Database ya SQLite musaikope ndi cp pulogalamu ikuyenda. Gwiritsani ntchito lamulo la .backup la sqlite3. Fayilo ya bakapu imene mwapanga ili ndi mapasipoti onse ndi mapasiwedi onse pamodzi, ndiye ikhale ya root ndi 600, ndipo isakhale mu /var/www ngakhale kwa mphindi imodzi. Musaitumize pa WhatsApp kwa mnzanu wa ku Limbe. Pobwezeretsa pa seva ina, pangani kaye akaunti ya katundu, chifukwa Linux imazindikira mwini ndi nambala, ndipo nambala ya akaunti imasiyana kuchokera pa seva ina kupita pa ina.

Pakatha masiku zonse zikuyenda bwino, fufutani foda yakale ya mu /home pamodzi ndi mabakapu akale amene anamwazikana m'menemo. Kenako sinthani mapasiwedi onse amene anali mu fayilo ija pa nthawi ya 777: ya imelo, ya SMS, kiyi wachinsinsi wa pulogalamu. Ngati fayilo ya masetingi inalowapo mu Git, kuichotsa lero sikuifufuta m'mbiri yakale, choncho mapasiwedi amenewonso asintheni, ndipo dzina la fayiloyo muliike mu .gitignore.